Tsegulani Sutikesi Chisanu Chisanafike

Nkhani yathu lero ikukhudza sutikesi ija ili pansi pa bedi, imene mwina papita chaka chathunthu isanatsegulidwe. M'menemo muli diresi limene linaŵathina amayi mwana wachiŵiri atabadwa, jekete limene abambo anakwatira nalo, ndi timalaya ta ana amene tsopano ali ku sekondale. Ambiri a ife timati tikusunga. Koma kodi chovala chimasungikadi pongochitsekera?

Nsalu imatha ngakhale palibe woivala. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, chinyezi chimaloŵa m'mabokosi ndipo nsalu imachita nkhungu, n'kusiya madontho akuda osamva sopo. Njenjete imaikira mazira m'majuzi ndi m'mabulangete aubweya, ndipo timphutsi take ndi timene timaboola, makamaka pamene panatsalira thukuta kapena msuzi. Lasitiki naye amafa. Tsiku lodzatsegula mupeza nsanza, chonsecho mwana wa mnansi wanu wakhala akunjenjemera m'maŵa uliwonse popita ku sukulu.

Nthaŵi yabwino ya ntchito imeneyi ndi mwezi wa Meyi, mvula itatha, dzuŵa likuŵala bwino, chisanu cha Juni ndi Julayi chisanafike. Inu a ku Dedza ndi ku Mzimba, ndi inu a ku Thyolo ndi ku Mulanje kumene kumagwa chiperoni, mukudziŵa kuti juzi yoperekedwa mu Ogasiti yachedwa.

Yalani mphasa pabwalo, muitane banja lonse, mutulutse zovala zonse. Aliyense asankhe zake, chifukwa kupereka chovala mwini wake kulibe kumabala mkangano. Pa chovala chilichonse dzifunseni kuti, kodi ndinachivala liti? Ngati papita zaka ziŵiri osachikhudza, n'zokayikitsa kuti mudzachivalanso. Kenaka ikani milu inayi. Mulu woyamba ndi wa zimene mukuvala. Wachiŵiri ndi wa zopita kwa atelala: zothothoka mabatani, zofa zipi, ndi mabuluku amene angadulidwe kukhala akabudula a ana. Wachitatu ndi wa zabwinobwino zoti mupatse ena. Wachinayi ndi wa zothaitha. Zimenezi musapatse munthu, koma zikhale zigamba, nkhata kapena chokolopera.

Zoperekazo muyambe mwazichapa. Mphere ndi nsabwe zimayenda ndi zovala, choncho chapani ndi madzi otentha, muyanike padzuŵa, ndipo musite ndi simbi yotentha mpaka m'misoko momwe. Pisani m'matumba monse, kuwopa kuti chiphaso kapena kalata ingapite nawo. Muyezo wake ndi uwu: chovala chimene mungachite nacho manyazi kupatsa mlongo wanu, musapatse munthu wina aliyense.

Nanga tipatse yani? Yambani ndi apafupi: abale, anansi, agogo amene akulera ana amasiye m'mudzi mwanu. Yunifolomu yothina mukhoza kukasiya kwa aphunzitsi aakulu, amene amadziŵa mwana amene akujomba chifukwa cha usiŵa. Akuluakulu a mpingo kapena a mzikiti nawonso amadziŵa makomo ovutika. Tikumbukirenso mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa nyumba ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje. Anthu ambiri anafika m'misasa ndi chovala cha pathupi chokha. Pa nthaŵi yotere banja limene lili ndi mtolo wochapa kale limathandiza tsiku lomwelo. Ndipo pasakhale wonyoza chovala chovalidwapo. Kaunjika amene timagula pa msika ndi zovala zimene mabanja a ku Ulaya ndi ku America anachotsa m'nyumba zawo.

Kaperekedwe nakonso n'kofunika. Munthu wosauka ali ndi ulemu wake. Mupatseni kumbali, osati pa gulu, ndipo nenani kuti, "Taonani ngati chingamukwane mwanayu." Akakana, musakwiye. Akavala, musamuloze pa msewu kuti malaya anga aja ndi amenewo, pakuti mukatero mwamuvula.

Pali zovala zina zofuna kufatsa nazo, ndizo za malemu. Miyambo imasiyana chigawo ndi chigawo, koma m'madera ambiri zimenezi zimagaŵidwa abale atakhala pansi, maliro atatha. Musazitulutse panokha, ndiponso musaumirize wamasiye amene mtima wake sunapole. Abale nawonso akumbukire kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu kwa mkazi, mwamuna kapena ana otsala. Kugaŵa ndi kwina, kulanda ndi kwina.

Zimene zatsala zibwerere m'sutikesi zitachapidwa ndi kuuma bwino. Sutikesiyo muisanjike pa njerwa kapena pa thabwa, isagunde khoma. Chenjerani ndi timibulu toyera tonunkha tija tothamangitsira njenjete. Ndi poizoni: ana amatiyesa maswiti, ndipo mpweya wake ukhoza kuwononga magazi a khanda. Musatiike m'zovala za ana. Kuyanika padzuŵa kaŵirikaŵiri kumathandiza koposa.

Makolo athu anati kupatsa n'kuika. Juzi imene mwaitsekera idzadyedwa ndi njenjete, koma imene mwaveka mwana wa mnzanu mudzaiwona ikupita ku sukulu chaka chino, ndipo chaka chamaŵa idzafunditsa mng'ono wake. Loŵeruka likudzali, dzuŵa likatuluka, kokani sutikesi ija.