Nkhonya zolembedwa kale

Kwa zaka zambiri ntchito yanga yakhala yomasulira mafilimu a nkhonya m'Chichewa, ndipo kawirikawiri ndikakhala kumbuyo kwa chikhamu m'nyumba za vidiyo za ku Namitambo kapena pa Mbulumbuzi, kumene ana amakhala pansi, akuluakulu pa mabenchi, ndimamva anthu akutsutsana mwamphamvu kuti kodi Van Damme ndi Boyka atakumana angagwe ndani. Inu owerenga olemekezeka, ndiloleni ndikuululireni chinsinsi cha ntchito yathu: m'mabwalo obisika a m'mafilimuwa, mmene anthu amamenyanirana ndalama apolisi osadziwa, palibe munthu amagwa chifukwa chochepa mphamvu, pakuti mlembi anaweruza kale, kamera isanayatsidwe, amene adzakhala Davide ndi amene adzakhala Goliati. Akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma mu filimu mutu umene mlembi waukonda umalewa zonse.

Womasulira amaona zimene woonera saona, popeza iye amawerenga mawu a munthu aliyense. Mu Bloodsport, ya mu 1988, muli anthu a mitundu yambiri osonkhana ku Hong Kong, kotero kuti wongoyang'ana angati dziko lonse laitanidwa kuphwando. Komatu nditafika pa munthu wina wakuda amene amadumphadumpha ngati pusi, ndinapeza kuti ndilibe choti ndimasulire, chifukwa anampatsa thupi ndi kummana pakamwa. Anthu anaseka, ndipo ine, amene ndikanatha kuwonjezera nthabwala kuti chiseko chikule, monga amachitira anzanga ena, ndinakhala chete mtima ukundiwawa. Ngakhale Jim Kelly, wakuda mnzake, amene mu Enter the Dragon ya mu 1973 anapatsidwa dzina, nzeru ndi ulemu pambali pa Bruce Lee, anaphedwa filimu isanathe.

Za mitundu musazikhulupirire msanga. Bolo Yeung ndi wa ku China ngakhale mu Bloodsport anasewera ngati wa ku Korea, ndipo Boyka amene anyamata amamuyesa wa ku Russia ndi Mngelezi, Scott Adkins. 

Pokumbukira anthu akuda aja, tsiku limene ndinalandira Blood and Bone, ya mu 2009, mmene munthu wakuda, Michael Jai White, ndiye mwini nkhani, munthu wosunga pangano limene anapangana ndi mnzake m'ndende, ndinaimasulira mosamala koposa, ndi kusankha Chichewa chaulemu choyenera mwamuna wosalankhula zambiri. Itaonetsedwa ku Namitambo, mnyamata wina amene anali atazolowera zakale ananong'oneza mnzake kuti, "Ameneyu amupha posachedwa." Anadikira mpaka mayina anayamba kuyenda pa TV, ndipo anatuluka ali wotsiriza.