Mzinda Umene Unaika Malire pa Kutalika kwa Nyumba

Munthu akagula malo, kodi amagulanso mlengalenga wonse umene uli pamwamba pake? Funso ili lavutitsa nzika za mzinda wa Paris, likulu la dziko la France, kwa zaka zoposa 50.

Nkhaniyi tiiyambe m'caka ca 1973, pamene anatsiriza kumanga nyumba yosanja ya maofesi, Tour Montparnasse, yotalika mamita 210. Kuti timvetse kukula kwake, tikumbukire kuti nsanja ziwiri za katedrale ya Notre-Dame n'zotalika mamita 69 cabe. Anthu ambiri anakhumudwa poona cinyumba cakuda citaima cokha pakati pa nyumba zakale zamiyala. Motero mu 1977 panaikidwa lamulo lakuti nyumba yatsopano isapitirire mamita 37.

Mu 2010 khonsolo ya mzindawo inafewetsa lamulolo m'madera ena a m'mphepete: nyumba zokhalamo zinaloledwa kufika mamita 50, ndipo za maofesi mamita 180. Koma mu 2023 khonsolo inavomereza kubwerera ku malire a mamita 37.

Okonda lamuloli amati nyumba yaitali imabisira anansi dzuwa, ndiponso imadya magetsi ambiri pokweza anthu ndi madzi kufika pamwamba. Otsutsa nawo ali ndi mfundo yolemera. Malo omangapo mu Paris anacepa kalekale, ndipo ngati kumanga kopita m'mwamba kwaletsedwa, nyumba zatsopano zicokera kuti? Walira mvula walira matope: mzinda wasunga kukongola kwake, koma lendi ndi yokwera, ndipo mabanja ambiri a ana amasamukira kunja kwa mzinda. Mu 1921 munali anthu pafupifupi 2.9 miliyoni, lero alimo pafupifupi 2.1 miliyoni. Lamuloli si ndilo lokha linacititsa zimenezi, koma sitingalisiye kumbali powerengera zifukwa.

Apa tikuona kuti nambala yolembedwa m'buku la khonsolo imafika mpaka pakhomo pa banja. Ndiyo imanena ngati dzuwa lidzalowa pa zenera la nkhalamba yokhala pansi, ndiponso ngati mwana wobadwira mumzindamo adzapeza nyumba pafupi ndi makolo ake akadzakwatira. Oweruza nkhani yotere ayenera kumva onse awiri, nkhalambayo ndi mwanayo, asanalembe nambala ija.