Tsankho pa Mtengo wa Nyumba: Nkhani ya ku America

Kodi woyeza mtengo ndani?

Ku United States of America anthu ambiri sagula nyumba ndi ndalama za m'thumba. Amatenga ngongole ku banki, yobweza mwina kwa zaka 30, ndipo nyumba yomweyo ndiyo imakhala chikole. Banki isanatulutse ndalama, imatuma munthu amene anaphunzira ntchitoyi kuti akaone nyumbayo ndi kunena kuti ingagulidwe ndalama zingati. Kumeneko munthuyu amamutcha appraiser. Ife m'nkhani ino tizimutcha woyeza mtengo.

Ntchito yake imayenda motere. Amafika pa nyumbapo, nayeza kukula kwake, nawerenga zipinda, naona ngati denga ndi makoma zili bwino. Akatero amafufuza nyumba zina zitatu kapena kuposerapo, zofanana ndi imeneyo, zimene zagulitsidwa posachedwa m'dera lomwelo. Mitengo ya nyumba zimenezo ndiyo imamuuza mtengo wa nyumba imene akuyezayo. Tisaiwale mfundo iyi chifukwa tibwererakonso: amene amasankha nyumba zofanizira ndi iye mwini, ndipo ndi iyenso amene amanena pamene malire a deralo athera.

Mtengo ukatsika, mavuto amagwera mwini nyumba. Wogula amakanizidwa ngongole yokwanira ndipo malonda amafa, kapena wogulitsa amakakamizika kutsitsa. Amene amafuna kusintha ngongole yake yakale kuti chiwongola dzanja chichepe amabwezedwa. Amene amafuna kukongola pa nyumba yake kuti alipirire mwana sukulu kapena ayambe bizinesi amapatsidwa zochepa. Mlimi wa fodya amadziwa mmene zimawawira pamene wogula aika belo labwino pa giredi yotsika. Kusiyana kwake nkwakuti fodya amalimidwanso chaka chamawa, pamene nyumba ndi chuma cha moyo wonse, chosiyira ana.

Dandaulo la anthu akuda

M'chaka cha 2020 banja lina la anthu akuda ku Marin City, m'chigawo cha California, linafuna kusintha ngongole yake. Linali litakonzanso nyumba yake ndi kuikulitsa. Woyeza mtengo anabwera nanena kuti nyumbayo ndi ya madola 995,000. Banjalo silinakhutire. Linapempha kuti abwere woyeza wina, koma tsiku lisanafike linachotsa zithunzi zonse za pa banja ndi zokongoletsa zonse zosonyeza kuti eni ake ndi anthu akuda. Mnzawo wina wachizungu anabweretsa zithunzi za banja lake nalandira woyezayo ngati mwini nyumba. Ulendo uno nyumba yomweyo inayezedwa madola 1,482,500. Banjalo linakasuma ku khoti mu 2021, ndipo mu 2023 mbali ziwirizi zinagwirizana mlandu usanazengedwe.

Nkhani zotere zamvekanso ku Indianapolis, ku Jacksonville ndi ku Baltimore. Munthu kufika pobisa chithunzi cha amayi ake m'nyumba yakeyake kuti banki imuonere bwino, nzochititsa manyazi dziko lililonse. Komabe tiyenera kunena mosabisa kuti nkhani imodzi siitsimikiza mlandu. Oyeza awiri akasiyana, ndani walakwa? Mwina woyamba anatsitsa, mwinanso wachiwiri anakweza. Oyeza mtengo amene aimbidwa milandu yotereyi akhala akukana, ndipo mlandu ukathera pa kugwirizana, woweruza sanena kuti tsankho linalipo kapena ayi.

Kumene zinachokera

Chimene sichikanika ndi mbiri. M'chaka cha 1933 boma la America linakhazikitsa bungwe la Home Owners' Loan Corporation, limene linajambula mapu a mizinda yoposa 200. Madera amene ankaonedwa kuti ndi abwino kukongozako ndalama anapakidwa mtundu wobiriwira, ndipo oipitsitsa anapakidwa wofiira. Madera okhala anthu akuda pafupifupi onse anagwera ku wofiira. Mu 1934 kunabweranso bungwe la Federal Housing Administration, ndipo buku lake la malangizo linkaphunzitsa oyeza mtengo kuti mitundu ikasakanizana m'dera, mitengo ya nyumba imagwa. Choncho tsankho silinali kuchitika mobisa ayi. Linali m'buku la ntchito, ndipo woyeza wosalitsatira ndiye ankaoneka wosadziwa ntchito.

Marin City yomwe ija ndi mwana wa mbiri imeneyi. Inamangidwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kuti muzikhala anthu ogwira ntchito yopanga sitima zapamadzi ku Sausalito. Nkhondo itatha, azungu anakagula nyumba kwina, koma anthu akuda anatsala pomwepo popeza madera oyandikana nawo sankawalola. Abambo athu amene anagwirako ntchito ku Johannesburg m'masiku a Group Areas Act ya 1950 sangadabwe ndi dongosolo lotere.

Mu 1968 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Fair Housing Act, lamulo loletsa tsankho pa kugulitsa, kubwereketsa ndi kukongoza ndalama za nyumba. Koma maphunziro a oyeza mtengo sanasinthe msanga. Mu 1976 boma linachita kusumira mabungwe awo akuluakulu, ndipo mu 1977 bungwe limodzi lalikulu linavomera kuchotsa m'mabuku ake chiphunzitso chakuti mtundu wa anthu umatsitsa mtengo.

Tsono tibwerere ku mfundo ija ya nyumba zofanizira. Taganizani dera limene kwa zaka 30 kapena 40 mabanki sankakongozako ndalama. Ogula anali ochepa, choncho mitengo inali yotsika. Lamulo litasintha, palibe amene anabwera kudzakonza mitengoyo. Woyeza wa lero amafanizira ndi nyumba imene inagulitsidwa chaka chatha, imenenso inafaniziridwa ndi ya chaka chinacho, mpaka kukafika ku masiku a mapu ofiira aja. Woyezayo angathe kukhala munthu wolungama, wosada aliyense, koma sikelo imene analandira inapendekeka iye asanabadwe. Ife tikuona kuti apa ndi pamene pagona nkhani, kuposa pa mtima wa woyeza mmodzimmodzi.

Kodi kafukufuku akuti bwanji?

Mu 2018 Andre Perry ndi anzake a ku Brookings Institution anapeza kuti nyumba za m'madera amene anthu akuda ndi ochuluka zimatsika mtengo ndi 23 peresenti poyerekeza ndi nyumba zofanana nazo m'madera a azungu. Izi ndi pafupifupi madola 48,000 pa nyumba iliyonse. Mu 2021 bungwe la Freddie Mac, limene limagula ngongole za nyumba kuchokera ku mabanki, linaunika mayezedwe mamiliyoni ambiri. Linapeza kuti m'madera a azungu, mayezedwe 7.4 pa 100 aliwonse ankatsika kuposa mtengo umene wogula ndi wogulitsa anagwirizana. M'madera a anthu akuda anali 12.5, ndipo m'madera a anthu ochokera ku Latin America anali 15.4.

Ena akutsutsa. Edward Pinto ndi Tobias Peter a ku American Enterprise Institute amati mukawerengera bwino mapezedwe a anthu ndi mbiri yawo ya ngongole, kusiyanako kumachepa kwambiri, ndipo chotsalacho sichingaikidwe pa oyeza mtengo. Oyeza eni ake amati ntchito yawo ndi kunena zimene msika ukuchita, osati kukonza msika. Mawu amenewa ali ndi nzeru, ndipo kafukufuku wa Brookings uja ankayeza mitengo ya pa msika, osati ntchito ya oyeza okha. Koma funso limatsalabe: nanga umphawi wa m'maderawo unabwera bwanji? Kunena kuti vuto ndi umphawi osati khungu, m'dziko limene khungu linasankhira anthu pokhala, kuli ngati kunena kuti munda sunabereke chifukwa cha nthaka, osafunsa amene anagawa mindayo.

Njira zowongolera

Njira yooneka yapafupi, yongouza oyeza kuti azikweza mitengo, ndi yoopsa. Chuma cha America chisanagwe mu 2008, okongoza ndalama ambiri ankakakamiza oyeza kukweza mitengo kuti ngongole zidutse. Mabanja mamiliyoni analandidwa nyumba, ndipo anthu akuda anavulala kwambiri. Nchifukwa chake lamulo la Dodd-Frank la 2010 limaletsa wokongoza ndalama kuumiriza woyeza kuti alembe mtengo wakutiwakuti. Mtengo wokwera monama ndi msampha, monganso wotsika monama ndi kulanda.

Pa 1 Juni 2021, ali ku Tulsa, Pulezidenti Joe Biden analengeza za gulu la nthambi za boma loona za vutoli, limene linadziwika ndi dzina loti PAVE. Gululi linatulutsa ndondomeko yake mu Malichi 2022. Mwa zimene zinatsatirapo, chimene ife tikuchiona chofunika kwambiri ndi ufulu wopempha kuti mtengo uunikidwenso. Mu 2024 Fannie Mae ndi Freddie Mac, mabungwe awiri amene amagula ngongole zambiri za nyumba m'dzikomo, analamula mabanki ogwira nawo ntchito kuti aziuza wokongola za ufuluwu. Wokongolayo angathe kusonyeza zimene zalakwika m'lipoti ndi kupereka nyumba zina zofanizira, mpaka zisanu. Ubwino wake ngwakuti safunika kutsimikiza kuti woyezayo ali ndi mtima watsankho, chinthu chovuta kwambiri ngakhale m'khoti. Angosonyeza kuti chipinda china sichinawerengedwe, kapena kuti nyumba yofanana ndi yake mumsewu wachiwiri inasiyidwa.

Chachiwiri ndi kuika zinthu poyera. Mu 2022 bungwe la boma loyang'anira Fannie Mae ndi Freddie Mac linayamba kutulutsa ziwerengero za mayezedwe kuti aliyense azione. Munthu mmodzi sangadziwe ngati wachitiridwa mosiyana ndi anzake, koma malipoti zikwizikwi akaikidwa pamodzi, chizolowezi chimaonekera.

Palinso nkhani ya amene amalowa ntchitoyi. Oyeza mtengo ochuluka kwambiri ndi azungu. Kwa zaka zambiri wofuna chiphaso ankayenera kupeza woyeza wakale woti amuphunzitse kwa maola 1,000 kapena kuposerapo, ndipo tonse tikudziwa kuti pa dongosolo lotere amene amapeza malo ndi mwana, mphwake kapena mwana wa mnzako. Tsopano kuli njira ina yophunzirira pa kompyuta. Malamulo a khalidwe la oyeza anawonjezeredwanso mu 2024 ndi gawo loletsa tsankho mwatchutchutchu.

Ena amati tingosiyira kompyuta, popeza kompyuta siona zithunzi za pa khoma. Nzoona, koma kompyuta imaphunzira kuchokera ku mitengo yakale yomwe ija. Pozindikira izi, nthambi zisanu ndi imodzi za boma zinagwirizana mu 2024 kuti makina oterewa azitsatira malamulo oletsa tsankho, kuyambira pa 1 Okutobala 2025.

Boma litasintha

Mu Januwale 2025 Donald Trump anabwerera pa mpando. Mu Malichi chaka chomwecho Federal Housing Administration inachotsa malangizo ake a 2024 okhudza kupempha kuti mtengo uunikidwenso, ndipo mu Julayi boma linalengeza kuti gulu la PAVE latha, ponena kuti malangizo ake ankangolemetsa mabanki ndi kukweza mtengo wa ngongole. Izi zinatheka mosavuta chifukwa gululi linakhazikitsidwa ndi mawu a Pulezidenti. Chimene Pulezidenti mmodzi wamanga ndi cholembera, mnzake amachigumula ndi cholembera.

Fair Housing Act siingachotsedwe motero, chifukwa inadutsa ku Nyumba ya Malamulo. Ikadalipo, pamodzi ndi Equal Credit Opportunity Act ya 1974 yoletsa tsankho pa ngongole. Munthu amene akuona kuti nyumba yake yayezedwa mwatsankho ali ndi chaka chimodzi chokadandaula ku unduna woona za nyumba, kapena zaka ziwiri zokasuma ku khoti. Ndipo kuyambira mu 2014 banki imayenera kupatsa wopempha ngongole lipoti la woyeza mtengo, popanda kulipiritsa pepalalo, kukadali masiku atatu a ntchito ngongoleyo isanasainidwe, kuti aliwerenge yekha ndi kuona nyumba zimene yake yafaniziridwa nazo.