Mapu a pa njinga yamoto akamachedwa kuoneka, vuto lili pati?

Mwezi watha mdzukulu wanga ananyamula chambo chachiwisi pa njinga yamoto kuchoka ku Senga Bay kupita kwa kasitomala ku Area 25 ku Lilongwe. Kasitomalayo anali atamutumizira malo pa WhatsApp. Atalowa m'tauni, mapu a pa foni anangoti mbuu, misewu osaoneka. Paja ma Area a ku Lilongwe satsatana monga mwa manambala ake, ndiye mnyamata anazungulira mpaka ayisi yense kusungunuka. Nsomba anagulitsa motchipa, ngakhale ya petulo siinabwerere. Titakhala pansi n'kuiunika foniyo, tinapeza kuti vuto lake likanatha ali pakhomo pomwe.

Choyamba tidziwe kuti pa galasi la foni pamabwera zinthu ziwiri zochokera kosiyana. Pali kadontho kabuluu kosonyeza pamene muli, ndiye pali mapu enieniwo, misewu ndi mayina a malo. Kadonthoko kamachokera ku masetilaiti a GPS omwe amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 kumwamba. Foni imafunika kumva masetilaiti osachepera 4 kuti idziwe bwino pamene ili, ndipo izi n'zaulere, sizidya bandulo. Koma mapu amabwera pa intaneti, pokhapokha mutawasungiratu m'foni. Tsono mukaona kuchedwa, dzifunseni kaye: chikuchedwa n'chiti, kadontho kapena mapu?

Ngati kadontho sikakubwera kapena kakudumphadumpha, foni sikumva bwino masetilaiti. Denga la malata, mitengo yothithikana ndi mapiri ngati a ku Monkey Bay zimatchinga mawu awo. Tulukani pabwalo poonekera thambo, onetsetsani kuti Location yayatsidwa, muime phee. Chipangizo chimene chakhala nthawi yaitali chozima, kapena chayenda ulendo wautali chili chozima, chimayamba chafunafuna kumene masetilaiti ali. Uthenga wonse wonena za malo awo umatenga mphindi 12 ndi theka kuti ufike wathunthu. Ndiye musamangozimitsa n'kuyatsa, mukubwezera ntchito m'mbuyo. Yatsani muli mkati mopakira nsomba, pomamanga dengu chikhala chakonzeka. Onaninso Battery saver. Ikakhala yoyatsa, mafoni ambiri amachita ulesi kufufuza malo pofuna kusunga moto.

Ngati kadontho kalipo koma pozungulira pake pali mbee, vuto ndi intaneti: bandulo yatha kapena netiweki yafooka, monga zimachitikira m'madoko ambiri ndi m'malo ena a msewu wa M5. Mankhwala ake ndi kusungiratu mapu m'foni, kumene achinyamata amati kudawuniloda. Mu Google Maps dinani kachithunzi kanu pamwamba kumanja, musankhe Offline maps, kenako Select your own map. Kokani bokosilo likute dera lonse limene mumayenda, kaya ndi Salima mpaka Lilongwe kapena Mangochi mpaka Limbe, n'kudina Download. Chitani izi pamalo pamene netiweki ili yamphamvu. Mukatero mapu amatseguka ngakhale popanda bandulo, ndipo amakulondolerani njira ya galimoto. Amakhala ndi tsiku lothera, ndiye muziwaona apo ndi apo n'kudina Update. Chinanso, siyani mapu aja oonetsa madenga ndi mitengo, otchedwa Satellite. Ndi okongola ndithu, koma ndi olemera ndipo amamwa bandulo ngati madzi. Sankhani Default.

Nanga ngati zonse zilipo koma mapu akukoka miyendo, inu mwakhota kale iwo akadali kumbuyo? Apo ndiye kuti foni yalemedwa. Bwato lodzadza mpaka m'milomo silithamanga. Fufutani mavidiyo akale a pa WhatsApp, tsekani Facebook ndi zina zonse musananyamuke. Kenako pitani ku Settings, Apps, Maps, Storage, mudine Clear cache. Chenjerani apa: pafupi pomwepo pali Clear data, ndipo mukadina imeneyo mapu amene munasunga aja apita.

Kutentha nakonso kumachedwetsa. Foni yomangidwa pa chiwongolero, m'pepala la pulasitiki, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, uku ikutchajidwa, imatentha kwambiri. Ikatero imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, galasi n'kuchita mdima. Imani pamthunzi, ichotseni m'pepalamo, ipume. Musaiike pa ayisi wa nsomba, chinyezi chingalowe m'kati.

Alipo ena, makamaka obwera kuchokera ku Joni, amene ali ndi chipangizo chapadera cha GPS cha njinga yamoto, monga Garmin zumo. Chimenechi mapu ake amakhala m'kati kapena pa kakhadi ka memory, sichifuna bandulo. Chikamachedwa kujambula, pitani pa Map Detail muchepetse, chifukwa tinjira ndi timayina tikachuluka mapu amajambulika pang'onopang'ono. Fufutani maulendo akale amene chinasunga. Zimitsani, tulutsani kakhadi, kapukuteni ndi kansalu kouma n'kukabwezera bwino, poti kugwedezeka kwa m'misewu yafumbi kumatha kukasuntha. Onetsetsaninso kuti muli mapu a Malawi. Ngati munangoikidwa a dziko lina, mudzaona misewu ikuluikulu yokha, ndipo kumeneko si kuchedwa, ndi kusowa kwa mapu.

Mawu anga omaliza apite kwa anyamata a kabaza ndi makolo awo. Njinga yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Kuweramira foni masekondi atatu ndiye kuti mwayenda mamita 50 osaona kutsogolo, pamsewu wa mbuzi, ngolo ndi ana asukulu. Mapu akavuta, patukani, imani, konzani. Zikakanika funsani anthu, pakamwa sipasowa netiweki. Dengu la chambo likaonongeka mawa nyanja ipereka lina, koma mwana wa munthu sabwezedwa. Zonse tanenazi yesani madzulo muli pakhonde, ulendo usanayambe.