Mbale Yoloza Kumwamba: Mlendo Amene Amadya Mwezi ndi Mwezi

Aliyense amene wayenda pa msewu waukulu wa Great East kuchokera ku Petauke, kudzera pa Nyimba mpaka ku Kacholola, waona mbale zachitsulo zopachikidwa pa makoma a masitolo ndi pa nyumba za aphunzitsi. Tikapatuka kulowa m'midzi ya Mfumu Nyalugwe tipezanso mbale zomwezi, zina zitakhomedwa pa mtengo pambali pa nyumba ya udzu, pafupi pake pali sola ndi batire. Ana amazitcha dishi. Popeza mlendo ameneyu wakhazikika pakati pathu, nkoyenera kuti ife makolo tidziwe kumene anachokera, katundu amene wanyamula, ndi chakudya chimene amafuna.

Wailesi ya kanema inayamba m'dziko muno mu 1961 ku Kitwe, ndipo kwa zaka zambiri inali ya anthu a m'matauni. Kwathu kuno ku chigwa cha Luangwa mapiri anali kutchinga, kotero kuti ambiri a ife tinakula tikungomva mbiri yake. Kusintha kunayambira ku South Africa mu 1986, pamene makampani a nyuzipepala, motsogozedwa ndi Naspers, anatsegula M-Net, kanema woonera okhawo amene alipira. Mwa M-Net munabadwa kampani ya MultiChoice, imene inafika ku Zambia mu 1994 mogwirizana ndi ZNBC. Mu October 1995 kampaniyi inayambitsa DStv, ili ndi matchanelo ochepa chabe, monga M-Net, SuperSport, CNN ndi Cartoon Network.

Kagwiridwe kake ka ntchito nkosavuta kumva. Zithunzi ndi mau zimatumizidwa kwa setilaiti imene ili mumlengalenga pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo iyo imazibweza pansi. Mbale ija imaziwakha nkuzipereka kwa kabokosi kotchedwa dikoda. Phiri silingatchinge chinthu chochokera kumwamba, nchifukwa chake mudzi wa kutali umaona bwino ngati ku Lusaka. Chimene chimasokoneza ndi mvula yamphamvu basi. Koma dikodayo ndi mlonda wokhulupirika kwa mwini wake: imatsegula matchanelo okhawo amene mwalipira, ndipo mwezi ukatha imatseka popanda kumva madandaulo.

Matchanelo anachuluka pang'onopang'ono, ndipo anaikidwa m'magulu monga malonda pa msika. Pali a nkhani, monga ZNBC, BBC ndi Al Jazeera, a masewera, pansi pa dzina la SuperSport, a ana, a nyimbo, a mapemphero, ndi ena oonetsa nyama ndi chilengedwe, monga National Geographic. Mu 2003 kunabwera Africa Magic, imene inatizoloweza mafilimu a ku Nigeria. Mu 2007 SuperSport inayamba kuonetsa mpira wa makalabu a m'dziko muno. Ndani angaiwale usiku wa pa 12 February 2012, pamene anthu anadzazana paliponse pamene panali kanema, kuonerera Chipolopolo ikugonjetsa Ivory Coast ku Libreville? Mu 2015 kunatsegulidwa Zambezi Magic, ndipo m'masewero ake monga Zuba ndi Mpali tinamva Chinyanja ndi Chibemba pakamwa pa ana a kwathu. Komabe Chinsenga chathu sitichimva kawirikawiri, ndipo mwana sadzachiphunzira pa mbale.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumoka kamameta bwino, komanso kamacheka. Mu 2003 mtsikana wa ku Kitwe, Cherise Makubale, anapambana mpikisano woyamba wa Big Brother Africa. Dziko linakondwera, koma atsogoleri ambiri a mipingo anadandaula ndi zimene ana anali kuona m'nyumba ya mpikisanoyo, ndipo ku Malawi aphungu a Nyumba ya Malamulo anafika poletsa kuti usaonetsedwe pa kanema wa boma, mpaka khoti linasintha chigamulocho. Funso la nthawi imeneyo likadalipo: ndani amasankha zoonera m'nyumba mwathu?

Tifike tsopano pa chakudya cha mlendoyu. Matchanelo sagulitsidwa imodziimodzi, koma m'mitolo yokwera ngati makwerero: Access, Family, Compact, mpaka Premium pamwamba. Mpira wa ku England, umene abambo ndi anyamata amaulakalaka, umapezeka mokwanira m'mitolo yodula. Ichi si changozi ai. Ndiyo nyambo ya malondawo. Ndiponso mapologalamu ambiri amagulidwa kunja ndi madola, motero kwacha ikagwa mtengo umakwera. Ku Malawi mu 2023 mkangano wa mitengo pakati pa kampaniyi ndi bungwe la MACRA unachititsa kuti DStv iimitsidwe kwa miyezi ingapo. Njira zotsika mtengo zinabweranso: GOtv, yogwiritsa ntchito eriyo m'malo mwa mbale, inayamba mu 2011, ndipo pambuyo pake kunadza TopStar, mgwirizano wa ZNBC ndi StarTimes ya ku China. Mu 2025 MultiChoice inagulidwa ndi kampani ya ku France yotchedwa Canal+. Eni amasintha, koma tsiku lolipira silisintha.

Apa ndi pamene pagona nkhani kwa ife alimi. Ndalama yathu imabwera kamodzi pachaka, tikagulitsa chimanga, nshawa kapena thonje, koma dikoda imafuna yake kakhumi ndi kawiri. Taonapo mabanja akukangana mu January, nkhokwe itatsika ndipo ana akufuna mayunifomu, chifukwa bambo walipira mpira mwakabisira. Taonanso anyamata akuchezera pa malo omwera mowa m'dzina la kuonera mpira, m'mawa nkumaodzera m'kalasi.

Sitikunena kuti tigwetse mbalezi. Tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, bambo ndi mai akhale pansi pa nthawi yokolola, awerengere limodzi miyezi imene angathe kulipira, ndipo asachite manyazi kutsika pa mtolo waung'ono kapena kupumula nyengo ya dzinja. Chachiwiri, tiphunzire kutseka matchanelo osayenera ndi nambala yachinsinsi imene dikoda imalola, ndipo tisamale zizindikiro za zaka monga 13, 16 ndi 18 zimene zimaoneka filimu ikamayamba. Chachitatu, pakhale ola lozimitsa, kuti ana alembe ntchito ya kusukulu, banja lidye nsima likuyang'anana, ndipo ambuya apeze mpata wosimba nthano.

Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Uyu sakamuka. Tiyeni timlandire mwaulemu, koma adziwe kuti eni nyumba ndife.