ULENDO WOYAMBA PA SITIMA YA TAZARA: APOLISI ALONDA, KOMA NJANJI NDI YA TONSE

Anthu ambiri a m'cigawo ca Kum'mawa amabadwa, kukula ndi kukalamba osaiona sitima ya pamtunda ndi maso ao. Ulendo umene audziwa ndi wa basi, wa njinga kapena wa ngolo ya ng'ombe. Ngakhale njanji ya pakati pa Chipata ndi Mchinji, imene inatsegulidwa m'caka ca 2010, ndi yaifupi ndipo colinga cake cacikulu cinali katundu.

Motero pamene mai wina wacikulire wa m'boma la Petauke analandira uthenga wakuti mpongozi wao waona mwana ku Kasama, mtima wao unagawika pawiri. Anakondwa cifukwa ca mdzukulu watsopanoyo, koma anadera nkhawa atamva kuti ayenera kukakwera sitima ku Kapiri Mposhi. Ananyamuka ndi mdzukulu wao wina wa zaka 7, thumba la nshawa, ufa wa m'gaiwa ndi nkhuku imodzi m'citete. Ndalama anazimanga pa nsonga ya citenje monga mwa masiku onse.

Basi inawatenga pa mseu wa Great East, kuwoloka mlatho wa Luangwa mpaka ku Lusaka. Kumeneko anakwera ina yopita ku Kapiri Mposhi, mtunda wa makilomita pafupifupi 200.

NJANJI YA UFULU

Njanji imene maiwa anali kukakwerayo ili ndi mbiri yoyenera kuidziwa. M'caka ca 1965 Ian Smith analengeza ufulu wacinyengo ku Rhodesia. Pa nthawiyo mkuwa wa Zambia ndi katundu wambiri wolowa m'dziko zinali kudzera kum'mwera, m'manja mwa maboma a atsamunda. A Kenneth Kaunda ndi a Julius Nyerere anaona kuti dziko lopanda nyanja yaikulu silingakhale pa ufulu weniweni ngati khomo lake lili m'manja mwa adani.

Pangano la Zambia, Tanzania ndi China linasainidwa ku Beijing m'caka ca 1967, ndipo dziko la China linapereka ngongole yopanda ciongoladzanja. Nchito inayamba mu October 1970. Njanji inafika ku Kapiri Mposhi m'caka ca 1975, ndipo inaperekedwa m'manja mwa maiko awiriwa mu July 1976. Kutalika kwake kucokera ku Dar es Salaam ndi makilomita 1,860, ndipo pafupifupi theka la mtundawu lili m'Zambia. Anchito ena a ku China, Tanzania ndi Zambia anataya miyoyo yao pomanga njanjiyi.

PA SITESHONI

Cinthu coyamba cimene maiwa anaphunzira ndi cakuti ku Kapiri Mposhi kuli masiteshoni awiri. Ya Zambia Railways ndi ya sitima za ku Livingstone, Lusaka ndi ku Migodi. Ya TAZARA ili payokha ndipo imachedwa New Kapiri Mposhi. Safunsa anadya phula: iwo anafunsa mai wogulitsa nthoci, ndipo anawalozera njira.

M'nyumba yodikiriramo munali anthu osawerengeka. Asanakhale pansi, mnyamata wina wobvala bwino anawayandikira, nawalonjera mwaulemu, nanena kuti ampatse ndalama akawagulire tikiti kuti iwo asabvutike pa mzere. Maiwa anali atayamba kale kumasula mfundo ya citenje pamene wapolisi anatulukira. Mnyamata uja anazimiririka m'khamu la anthu osatsazika.

Kumudzi, wapolisi amabwera pakagwa mlandu. N'cifukwa cake maiwa anayamba kunjenjemera, akuganiza kuti mwina nkhuku yao yaswa lamulo. Koma wapolisiyo anawachula kuti amai, anawaperekeza pa zenera logulitsira matikiti, nawalangiza kuti tikiti igulidwe pamenepo pokha ndipo isungidwe mpaka ulendo utatha. Anawauzanso kuti ndalama asamamasule pa gulu.

Apolisi amenewa ndi a Boma, a m'gulu la Zambia Police loyang'anira njanji ya TAZARA, limene likulu lake lili ku Mpika. Ena amakhala pa masiteshoni, ena amayenda ndi sitima. Nchito yao ndi kuteteza apaulendo ndi katundu wao, kugwira mbala ndi okwera mozemba, kuletsa ndeu ndi cipongwe ca oledzera, kufufuza ngozi, ndiponso kulonda cuma ca njanji.

USIKU M'BOGI

Sitima itaomba lipenga ndi kugwedezeka, maiwa anagwira mpando ndi manja awiri. Mdzukulu wao ndiye anali kuseka, akuwerenga mitengo imene inali kuthawira kumbuyo. Atadutsa minda yaikulu ya ku Mkushi, mantha anayamba kucepa. Anthu a m'bogimo anali kugawana mbatata ndi cinangwa, ena akulankhula Cibemba, ena Cinamwanga, ena Ciswahili, ndipo maiwa anapeza kuti Cinyanja cao cinali kumveka ndithu.

Ku Serenje anafika kutada. Amai a malonda anazungulira mazenera ndi mbale pamutu. Maiwa ali mkati mowerenga cenji, anaceuka napeza pa mpando palibe mwana. Mnyamatayo anali atatsika kutsatira wogulitsa zitumbuwa, ndipo pofuna kubwerera anasokonezeka, pakuti mabogi onse amaoneka cimodzimodzi mumdima. Lipenga linalira. Maiwa anathamangira ku khomo akukuwa dzina la mwanayo, ndipo akadalumpha pakadapanda anthu kuwagwira.

Wapolisi amene anali pansi ndi toci, akuyang'ana makomo sitima isananyamuke, ndiye anamuona mwanayo akulira pafupi ndi magudumu. Anamunyamula, namukweza pa khomo la bogi lina, ndipo anayenda naye bogi ndi bogi mpaka anapeza ambuya wake. Sanawakalipire. Anangowakumbutsa kuti pa siteshoni yaing'ono sitima imaima mphindi zowerengeka, kuti mwana asatsike yekha, ndiponso kuti munthu asayese kukwera kapena kutsika sitima ikuyenda. Anaonjeza kuti usiku zenera likhale lotseka pa malo oimapo, cifukwa dzanja la mbala limalowera pamenepo.

SITIMA IIMA M'CHIRE

Pakati pa usiku, asanafike ku Mpika, sitima inaima pamalo popanda nyumba kapena nyali. Ola linatha, lina linayamba. Pambuyo pake kunamveka kuti anchito oyendera njanji anapeza mabauti ndi zitsulo zomangira njanji zitazulidwa pamalo ena kutsogolo, ndipo woyendetsa anauzidwa kuti adikire mpaka akonze.

Apa ndi pamene pali bvuto lalikulu kuposa mbala za m'bogi. Njanji imagona pa mitanda ya simenti, ndipo cimene cimaigwira kuti isasunthe ndi tizitsulo timene munthu angatinyamule m'dzanja limodzi. Wozula tizitsuloti amakagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, kapena amasulitsa makasu ndi nkhwangwa. Iye amapeza ndalama ya tsiku limodzi. Koma njanji yomasuka imatanuka sitima yolemera ikapondapo, magudumu amagwera pansi, ndipo mabogi odzaza ndi anthu amagubuduzika. Mwa anthu amenewo mukhoza kukhala mlongo wake wa wakubayo.

Pali zinanso zimene zimaoneka zazing'ono. Ana amaika miyala pa njanji kuti aone mmene iphwanyikire, kapena amagenda mazenera. Abusa amasiya ng'ombe zikudya pakati pa njanji. Oledzera amakhala pa citsulo kuti apumule, tulo n'kuwaba. Alimi ena amalima mpaka m'tsinde mwa cimulu ca njanji, ndipo mvula ikabwera dothi limakokoloka. Oyendetsa ngolo ndi galimoto amathamangira kuwoloka ataiona kale sitima. Onsewa amaiwala cinthu cimodzi: sitima siikhota kupewa munthu, ndipo ngakhale woyendetsa amange mabuleki onse, imayendabe mamita mazana angapo isanaime.

MLATHO WA CHAMBESHI

Atacoka ku Mpika, kumene kuli maofesi a TAZARA a mbali ya Zambia, nyumba zokonzeramo sitima ndi sukulu ya anchito a njanji, kunja kunayamba kuyera. Dzuwa likutuluka anawoloka mtsinje wa Chambeshi. Bambo wina wa imvi amene anakhala moyang'anana ndi maiwa anawafotokozera kuti mlatho wa pamenepo unaphulitsidwa ndi asilikali a Rhodesia m'caka ca 1979, pofuna kutseka khomo la Zambia la kumpoto. Mlathowo unamangidwanso ndipo sitima zinayambanso kuyenda.

Mdani wa masiku amenewo anacokera kunja ndi mabomba. Wa lero amacokera m'mudzi wa pafupi ndi sipanala m'thumba. Kuononga kwa onse awiri kumafika pamodzimodzi: mlimi wa ku Serenje, Mpika kapena Kasama amasowa ponyamulira nyemba ndi cimanga cake, ndipo wodwala amasowa cokwera kupita ku cipatala.

M'caka ca 2024 maiko atatu aja anasainirananso pangano ku Beijing lakuti njanjiyi ikonzedwe mwatsopano. Koma njanji yatsopano nayonso idzagona m'chire lomwelo, pafupi ndi midzi yomweyo.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Kucokera ku Kapiri Mposhi mpaka ku Nakonde ndi makilomita oposa 800. Palibe boma limene lingaimike wapolisi pa mtanda uliwonse. Maso amene ali pafupi ndi njanji usana ndi usiku ndi a mfumu ya mudzi, a mphunzitsi, a mbusa wa ng'ombe ndi a mai wopita kukatunga madzi. Woona citsulo cozuka, mtengo wogwera pa njanji kapena dothi logumuka ayenera kukanena msanga pa siteshoni yapafupi, kwa anchito a njanji kapena ku polisi. Wosula zitsulo akane citsulo ca njanji cikabwera pa ng'anjo yake. Makolo ndi aphunzitsi auze ana kuti njanji si bwalo lamasewera.

Sitima inafika ku Kasama dzuwa litakwera, mocedwa ndi maola angapo. Mwana wao wa maiwa anali atadikira usiku wonse pa siteshoni. Thumba la nshawa linatsika lathunthu, nkhuku inali yamoyo, ndipo mfundo ya pa citenje inali yosamasuka. Asanacoke, maiwa anamufunafuna wapolisi uja, nampeza ataima pa khomo la bogi. Anagwada pang'ono, naomba m'manja monga amacitira kwao ku Petauke. Dzanja la mdzukulu wao sanalitayenso mpaka anafika kunyumba.