Msinkhu wa Kagalu Suulula Mtundu Wake

Mwa agalu ang'onoang'ono amene ku Britain amawatcha terrier, wa mtundu wa Yorkshire amatha kukanganitsa wogula ndi wogulitsa. Pakuti munthu akagula kagalu kokwana m'dzanja, nadzaona patapita miyezi kuti kakula kuposa make ndi abale ake onse, msanga amang'ung'udza kuti anamunyenga ndi galu wosakanizika, popeza m'mtima mwake muli mwambi uja wakuti make mbuu, mwana mbuu. Mlandu wotere ukamveka bwino, wogulitsa angathe kupezeka wosalakwa.

Makolo a agalu amenewa sanali a pamkeka. M'zaka za m'ma 1800 ankagwira makoswe m'mafakitale oombera nsalu a ku Yorkshire ndi Lancashire, kumene anafika pamodzi ndi antchito ochokera ku Scotland, ndipo anali aakulupo kusiyana ndi a lero. Galu wotchuka Huddersfield Ben, amene anabadwa mu 1865 nafa mu 1871, ndiye amawerengedwa tate wa mtunduwu; ndipo oweta a pambuyo pake, posankha aang'ono okhaokha mbadwo ndi mbadwo, anauchepetsa kufikira pa muyeso wa bungwe la The Kennel Club, wakuti galu wa pachionetsero asapitirire makilogalamu 3.2. Koma chimene chinali mwa makolo sichifafanizika ndi lamulo la papepala. Ofufuza anasonyeza mu 2007 kuti jini yotchedwa IGF1 ili ndi mbali yaikulu pa kuchepa kwa agalu, koma siigwira ntchito yokha. Pali majini ena angapo, amene mwana aliyense amalandira mosakanizika kuchokera kwa atate ndi amake, kotero kuti m'bere limodzi mungatuluke wa makilogalamu awiri ndi wina wa asanu, onsewo a magazi amodzi. Ngakhale ubweya sungakhale mboni, chifukwa ana onse amabadwa akuda ndi mawanga ofiirira, ndipo kumbuwa kwa pamsana kumadza pang'onopang'ono akamakula.

Tsono umboni wa mtundu uli m'kaundula wa makolo, ndipo pakakhala chikaiko, kuyeza DNA kumatha kutsimikiza amene anabala mwanayo. Sikelo ingonena ngati galuyo angapambane pachionetsero.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi tiagalu tija totchedwa teacup, dzina la malonda limene The Kennel Club siiliwerengera ngati mtundu, timene anthu amatilipirira ndalama zambiri poyesa kuti kuchepa ndiko kuyera kwa magazi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kagalu kochepetsetsa kali ndi nkhokwe yochepa ya shuga m'thupi, ndipo kakangodumpha chakudya kamafooka, kamanjenjemera, kamadzandira, mwinanso kukomoka. Mwini wake ayenera kukapaka uchi pang'ono m'nkhama ndi kuthamangira nako kwa dokotala wa ziweto. Nthawi zinanso kukwinimbira komweko ndiko chizindikiro cha nthenda yobadwa nayo, imene mtundu wa Yorkshire umadziwika nayo, pamene mtsempha umalambalalitsa magazi osadzera m'chiwindi, ndipo zoipa zimene chiwindi chikanasefa zimafika ku ubongo, kagaluko nikamazunguzika kakatha kudya. Nthendayi dokotala amayamba kuifufuza poyeza magazi, ndipo agalu ambiri amathandizika ndi opaleshoni yotseka mtsemphawo pang'onopang'ono.